Asuweni, muloleni mwana akaione ntchitoyo

Asuweni, funso lanu ndalimva, loti mwana wathu alimbikire maphunziro ati kuti adzakhale dokotala. Yankho lake ndi lalifupi: Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Koma inu ndimakudziwani, mukafunsa mofatsa chonchi pagulu la banja ndiye kuti kunyumbako zavuta. Ndikuganiza kuti mwanayo wakana udokotala, ndipo mukufuna kuti ife tikuthandizeni kumukakamiza... pepani, ndinene kuti kumunyengerera.

Mukuwakumbukira amalume anu aja, bambo anga aang'ono? Agogo ankafuna kuti iwo adzakhale kalaliki, chifukwa kwa agogo munthu wophunzira anali wovala tayi basi. Amalumewo anamvera, anakhala pa desiki zaka zambiri, ntchito ankaigwira mokhulupirika, koma akaweruka ankangofikira kumasula mawailesi a anthu mpaka usiku, tayi ili m'khosi. Inunso munawaonongera wailesi ija, musakane. Atasiya ntchito ija, pa nthawi ya mavuto aja mukuidziwa, ndi pamene anakaphunzira zamagetsi, akukhala m'kalasi ndi anyamata a msinkhu wa ana awo. Tsiku lina anandiuza... ayi, anauza amayi ine ndikumvetsera, kuti chimene chinkawapweteka ndi chakuti ali mwana palibe anawatengera kwa munthu wa zamagetsi kuti akaone mmene ntchitoyo imakhalira.

Katswiri wina wa ku America, John Holland, anagawa zokonda za anthu pa ntchito m'magulu 6, ndipo alangizi a ophunzira amagwiritsabe ntchito nzeru imeneyi: ena amakonda zogwira ndi manja, ena kufufuza, ena kuthandiza anthu, ndi zina zotero. Mwanayo amaiwala nthawi akamachita chiyani? Yambirani pamenepo.

Tsono chimene ndikufuna kunena ndi ichi: asanasankhe, akaione ntchito ndi maso ake. Pa tchuthi mumupemphere chilolezo akachezere dokotala, amufunse za kugwira ntchito usiku ndi zaka za maphunziro, akaonenso a mu labotale, ojambula X-ray ndi opereka mankhwala, chifukwa ana ambiri amaganiza kuti m'chipatala muli dokotala ndi namwino okha. Kenako akakhale tsiku limodzi ndi munthu wa ntchito imene iye akuifunayo.

Ndikubwereza, asuweni, ayambe waona, kusankha kubwere pambuyo. Akabwerako mumufunse zimene waona, inu mukhale chete, ngakhale ndikudziwa kuti kukhala chete kumakuvutani. Mumuperekeze akaone kaye, ndipo mundiuze ntchito imene watchulayo kuti nane ndifunse anzanga amene angamulandire.