Dipoziti mwapereka, koma kodi fakitale yamva za inu?

Achimwene, mwafunsa kuti munthu akaitanitsa SUV (galimoto yaikulu yotalika kuchoka pansi) yapamwamba kufakitale, yoti amupangire ndi utoto ndi mipando imene wasankha yekha, imafika pakapita nthawi yaitali bwanji, ndiponso pali njira zingati zoilandirira. Ndakhala ndikudikira magalimoto a anthu padoko foni ikulira m'thumba, ndiye ndikuuzani mmene ndimawerengera ine.

Kupereka dipoziti sikutanthauza kuti fakitale yamva dzina lanu. Dila aliyense, wogulitsa magalimoto a kampaniyo, amagawiridwa malo owerengeka pamzere wa fakitale. Malo akewo akatha, oda yanu imangogona mu kompyuta yake mpaka adzamugawire ena. Miyezi yambiri imatayikira pamenepa, osati panyanja ayi. Choncho musamufunse kuti "ifika liti?", pakuti wogulitsa aliyense ali ndi yankho lokoma la funso limenelo. Mufunseni kuti: "Malo muli nawo kale? Nanga adzaipanga sabata iti?" Akayamba kukuuzani za ubwino wa injini, dziwani kuti malo alibe. Nthawi zina ndi bwino kupita kwa dila wina amene ali ndi oda yake yoti sinatsekedwe, n'kumupempha kuti aisinthe ikhale ndi zimene mukufuna inuyo. Mumakhala mwadumpha mzere popanda kubera munthu.

Malo akapezeka, pamabwera tsiku lotseka oda. Likadutsa, simungasinthenso utoto kapena mawilo. Ndipo chilichonse chachilendo chimene mwawonjezera, kaya utoto wapadera kaya chikopa chosowa, chingathe kuibweza galimotoyo m'mbuyo, chifukwa fakitale siyamba kupanga pamene kachipangizo kamodzi kasanafike. Mu 2021 ndi 2022 tizipangizo ta kompyuta totchedwa chip tinasowa, mafakitale ambiri n'kuchedwa kupanga magalimoto; mu 2022 Toyota nayo, maoda atachuluka, inauza ogula a ku Japan kuti Land Cruiser 300 angaidikire mpaka zaka zinayi. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, mafakitale ena a ku Germany anaima chifukwa mawaya a m'galimoto ankachokera kumeneko. Kupanga kwenikweniko n'kwa masiku ochepa chabe. Ine ndimayamba kukhulupirira tsiku lililonse ndikaona nambala ya chasisi, VIN ija ya zilembo ndi manambala 17. Isanatuluke, zonse ndi nkhambakamwa.

Dziwaninso kumene galimoto yanu imabadwira, chifukwa dzina limanamiza. BMW X5 ndi X7 zambiri zimapangidwa ku Spartanburg, m'chigawo cha South Carolina ku America, ndipo zimatulukira padoko la Charleston. Mercedes GLE ndi GLS zimachokera pafupi ndi Tuscaloosa ku Alabama, pomwe G-Class amaipanga ku Graz, ku Austria. Porsche Cayenne ndi Audi Q7 kwawo ndi ku Bratislava, ku Slovakia. Range Rover ndi ya ku Solihull ku England, koma Defender yatsopanoyi imapangidwa ku Nitra, ku Slovakia komweko. Izi n'zofunika chifukwa fakitale iliyonse ili ndi tchuthi chake. Ku Ulaya ambiri amatseka masabata angapo cha mu Ogasiti ndiponso pa Khirisimasi. Ku Japan amapuma pa Golden Week, kumapeto kwa Epulo mpaka kuchiyambi kwa Meyi, ndi pa Obon mu Ogasiti. Oda yogwera m'masiku amenewo imangokhala phee.

Ikatuluka mufakitale imakwera lole kapena sitima yapamtunda kupita kudoko ngati Bremerhaven, Emden, Zeebrugge, Southampton kapena Nagoya, n'kukadikira sitima yapamadzi. Zambiri zimayenda pa RoRo, sitima zimene galimoto imalowa ndi kutuluka ikuyenda yokha, za makampani ngati Wallenius Wilhelmsen, Höegh Autoliners ndi NYK. Kuwoloka nyanja ya Atlantic ndi pafupifupi masabata awiri. Kuchoka ku Japan kukafika ku Ulaya ndi mwezi kapena kuposa, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2023, sitima zitayamba kuthawa ziwembu za pa Nyanja Yofiira n'kumazungulira ku Cape of Good Hope, panawonjezeka masiku khumi kapena masabata awiri. Inshulansi musaiderere. Mu Febuluwale 2022 sitima ya Felicity Ace, yochokera ku Emden, inapsa pafupi ndi zilumba za Azores, n'kumira pa 1 Malichi ndi magalimoto pafupifupi 4,000, kuphatikizapo ma Porsche, ma Bentley ndi ma Lamborghini amene eni ake anali atadikira miyezi.

Kontena ndi yodula kuposa RoRo, koma galimoto imatsekeredwa, palibe woigwiragwira. Ndege ilipo kwa amene ndalama siziwapweteka, kungoti imafupikitsa ulendo wokha, mzere wa kufakitale suikhudza. Makampani ena amalola kukaitenga nokha, monga BMW ku BMW Welt mumzinda wa Munich kapena ku Spartanburg, ndi Porsche ku Leipzig. Ndi chisangalalo ndithu, koma si ogula a dziko lililonse amene amaloledwa, ndipo mukamaliza kuiyendetsa kumeneko imakadikirabe sitima ngati zinzake.

Njira imene ife ambiri timadyera ndi yogula kwa dila wa dziko lina amene ali nayo kale pabwalo. Imafulumira, koma ili ndi minga. Chitsimikizo cha fakitale, warranty ija, nthawi zina sichiwoloka nayo malire. Chiwongolero chingakhale mbali imene dziko lanu sililola. Ndiponso mafakitale sakondwera nazo: Land Cruiser 300 itangotuluka mu 2021, ogula a ku Japan ankawasainitsa kuti saigulitsanso msanga kapena kuitumiza kunja. Ineyo ndinalipirako dipoziti kwa dila wina wakunja, ndipo atazindikira kuti galimotoyo ndi yotumiza kwina anangoichotsa oda, ndalama n'kubwera patapita miyezi iwiri, kasitomala wanga atandiyesa kale wakuba.

Ndiye kodi ndi nthawi yaitali bwanji? Mmene ndaonera ine, malo akakhalapo kale, werengani miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Ngati palibe, musalonjeze munthu tsiku. Sitima kufika padoko sikuti nkhani yatha: pali kutsitsa, kuiyendera ngati yakalika, msonkho, ndi lole yomaliza. Mtengo akakuuzani kuti ndi FOB, sitima ndi inshulansi n'zanu. Akati CIF, zalipiridwa mpaka padoko lofikira, koma msonkho ndi wanube. Ejenti wanu wa kasitomu mumupatse bill of lading (chikalata chosonyeza kuti katundu wakwezedwa m'sitima) ndi invoisi sitima ikadali panyanja, ndipo muonetsetse kuti VIN yalembedwa chimodzimodzi pa pepala lililonse. Chilembo chimodzi chikasiyana galimoto siiwomboledwa, ndipo masiku aulere apadoko akatha mumayamba kulipira tsiku ndi tsiku.