Geti ndi lotseka koma njinga imalowa m'mbali: kodi ndilowe?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa kwathu yemwe akukhala ku Eugene, m'chigawo cha Oregon ku America. Wagula njinga ya batire ndipo akufuna kumakazula bowa m'nkhalango za kumadzulo kwa mzindawo mvula ikayamba. Funso lake: misewu yambiri ya m'nkhalangomo ili ndi mageti achitsulo, koma pambali pamakhala kampata koti munthu woyenda pansi kapena wa njinga wamba amadutsa. Popeza malamulo a Oregon amaiona njinga yakeyo ngati njinga basi, osati galimoto, kodi angalowe?

Achimwene, musalowe musanadziwe mwini malowo. Lamulo mukulitchulalo limagwira pa msewu wa boma. Kuseri kwa geti kumalamula ndi mwini nthaka.

Tiyambe ndi njinga yanuyo, chifukwa simunandiuze kuti ndi ya mtundu wanji. Ku America amazigawa patatu. Class 1 imakuthandizani pokhapokha mukupalasa, ndipo mota imaleka kukankha mukafika mamailosi 20 pa ola. Class 2 ili ndi kabatani kapena chopotokola pa handulo, imayenda ngakhale miyendo ili phee, nayonso mpaka 20. Class 3 ndi yopalasa koma imakuthandizani mpaka 28. Yang'anani kachikwangwani kamene kamamatidwa pa felemu. Mudzafunsidwa zimenezi, ndipo pa mitundu itatuyi eni nkhalango amadana kwambiri ndi ya kabatani ija, poti kwa iwo imangofanana ndi njinga yamoto yopanda phokoso.

Tsono nkhani ya mwini malo. Kumadzulo kwa Oregon ndi malo osokoneza zedi. Potsatira lamulo la mu 1866, boma linapatsa kampani ya njanji ya Oregon and California malo m'zigawo za mailosi imodzi mulitali ndi mulifupi, chigawo china kupereka china kusiya, ngati bolodi la drafuti. Mu 1916 boma linalandanso malo amene anali asanagulitsidwe, ndipo lero akuyang'aniridwa ndi nthambi ya boma ya Bureau of Land Management, BLM mwachidule. Zotsatira zake, msewu umodzi womwewo mutha kuyamba pa malo a BLM, patangopita mphindi zisanu muli pa malo a kampani ya matabwa, kenako mwabwereranso a boma. Mitengo ndi yomweyo, fumbi ndi lomwelo, palibe mpanda. Kwathu tinazolowera kuti njira yodutsa m'munda mwa mnzako ndi ya aliyense bola usathyole chimanga. Kuno ayi, ndi mlandu wolowa pamalo a eni.

Pa malo a boma omwe ali m'manja mwa nthambi ina yoyang'anira nkhalango, ya US Forest Service, iwo anena mosapita m'mbali: njinga ya batire ya mtundu uliwonse ndi yoyendera mota. Anatsimikizanso zimenezi mu 2022. Mumaloledwa pa misewu ndi tinjira tokhato tomwe talembedwa pa mapu awo otchedwa Motor Vehicle Use Map, omwe amapezeka ulele ku ofesi zawo ndi pa intaneti. Msewu ukatsekedwa kwa galimoto ndiye kuti watsekedwanso kwa inu, ngakhale mnzanu wa njinga wamba akudutsa mukuona. A BLM anafewetsako mu 2020, koma anasiyira akuluakulu a dera lililonse kuti asankhe okha, ndiye imbani foni ku ofesi ya dera lanu.

Makampani ndiye aliyense ndi zake. Yaikulu ngati Weyerhaeuser, yomwe inayamba mu 1900 ndipo ili ndi maekala mamiliyoni ambiri, imagulitsa zilolezo: china cholowera ndi galimoto, chomwe amakupatsirani kiyi wa geti, china chotsikirapo mtengo cha oyenda pansi ndi a njinga. Makampani ena amalola anthu kulowa wapansi osalipira kanthu. Apa ndi pomwe anthu amagwa. Munthu amagula chilolezo chotsika mtengo chija poganiza kuti njinga ndi njinga, osawerenga timalemba tating'ono. Werengani chikalata chonse cha dera lomwe mukufunalo, cha chaka chomwecho, chifukwa zimasintha. Ngati njinga ya batire siinatchulidwe, alembereni imelo, muwauze kalasi ya njinga yanu, yankho lawo mulisunge mu foni. Mufunsenso za bowayo, poti kulowa ndi chilolezo china, kutuluka ndi thumba lodzaza ndi nkhani inanso. Ndipo musaganize kuti kuzimitsa mota kapena kuchotsa batire n'kuliika m'chikwama kukupulumutsani. Mlonda amaona njinga, saona zomwe zili mumtima mwanu.

Ena amati makampaniwa ndi nkhanza chabe. Ine sindikuvomereza kwenikweni. Mwina ndalama akuzikondadi, koma mantha awo aakulu ndi moto. Mu September 2020 moto unapsereza maekala oposa miliyoni imodzi mu Oregon, ndipo nkhalango za makampani zinapsa nawo. N'chifukwa chake chilimwe chikafika pachimake ambiri amatseka malo awo kwa aliyense, kaya uli ndi chilolezo kaya ayi. Batire ikawonongeka imatha kuyaka, ndipo njinga yotere imafikitsa munthu kutali kwambiri kumene wopalasa ndi miyendo sakanafika.

Chachiwiri ndi mathiraki. Tsiku lina m'mawa ndinali pa njinga yanga yachikale, ndikutsika kamtunda pa msewu wa miyala. Ndinangomva nthaka ikunjenjemera, kenako pa kona panatulukira chithiraki chodzaza zipika, msewu wonse chatenga. Ndinadzigwetsera m'ngalande, bondo n'kusupuka. Madalaivala amenewa amauzana pa wailesi yolankhulirana ya m'mathiraki mwawo, yotchedwa CB, pomwe afika, potchula manambala omwe amakhomedwa m'mitengo m'mbali mwa msewu. Iwo amadziwana, koma ine panalibe amene ankadziwa kuti ndilipo. Ndinali pa liwiro lochepa. Ndikanakhala pa mamailosi 20, bwenzi imelo yanuyi ikuyankhidwa ndi wina.

Mukapeza chilolezo, pitani Loweruka kapena Lamlungu pamene odula mitengo ambiri apuma, galimoto yanu musaimike motseka geti, ndipo mundiuze ngati bowa uja wayamba kumera.