Half marathon mwezi uliwonse: n'zotheka, koma sankhani yothamanga ndi mphamvu zonse

Achimwene, mwati mwangomaliza half marathon yanu yoyamba, mpikisano wa makilomita 21.1, pa maola awiri ndi mphindi 10, ndipo mukufuna kudziwa ngati chaka chamawa mungalembetse mpikisano mwezi uliwonse n'kumatsitsa nthawi ulendo uliwonse. Kuthamanga mpikisano mwezi uliwonse n'kotheka ndithu. Ine ndinachitapo chaka chodzaza mipikisano chotero ndipo ndimachikumbuka ndi chimwemwe. Koma zotsitsa nthawi mwezi ndi mwezi zichotseni m'maganizo panopa, chifukwa zimenezo n'zimene zimavulaza anthu.

Vuto lake lili pa kuwerengera masiku. Mukathamanga makilomita 21.1 ndi mphamvu zanu zonse, minofu ya miyendo imang'ambika pang'onopang'ono mkati. N'chifukwa chake tsiku lachiwiri mukamatsika masitepe mumachita kugwira khoma. Kuphwanya kumeneko kumatha pakapita masiku ochepa, munthu n'kumaona ngati wachira, pomwe thupi likadakonzabe zowonongeka. Othamanga akalekale ali ndi lamulo lawo lakuti pa mailosi aliwonse amene wathamanga pa mpikisano, upatse thupi tsiku limodzi lopepuka. Half marathon ndi mailosi 13, kutanthauza pafupifupi masabata awiri ongothamanga mofatsa. Ndiye mpikisano wina usanafike, mumafunikanso sabata yochepetsa makilomita kuti miyendo ipeze mphamvu. Pa masabata anayi a mwezi, mwatsala ndi sabata imodzi yokha yochita maphunziro enieni okuwonjezerani liwiro. Sabata imodzi pamwezi singakuchotseni pa 2:10 kukufikitsani pa maola awiri. Mumangokhalira kuchira ndi kukonzekera, osakula.

Choncho chaka chisanayambe, khalani pansi ndi kalendala musankhe mipikisano iwiri kapena itatu, yotalikirana miyezi itatu kapena inayi, yoti mudzathamange mpaka mphamvu yomaliza. Ina yonseyo lembetsani ndithu, pitani, landirani mendulo, koma muziitenga ngati ulendo wanu wautali wa sabata imeneyo, wosiyana ndi masiku ena chabe poti uli ndi anzanu ambiri ndi madzi panjira.

Kunena n'kosavuta, kuchita ndiye nkhani. Mukavala nambala pachifuwa, mluzu n'kulira, gulu lonse n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka, miyendo imangotsatira yokha. Makilomita atatu oyambirira amanyenga kwambiri chifukwa simumva kutopa kulikonse. Apa ndi pamene manambala amathandiza. Nthawi yanu ya 2:10 ikutanthauza mphindi 6 ndi masekondi 10 pa kilomita. Kuti mufike maola awiri enieni mufunika 5:41 pa kilomita. Pa mpikisano wongophunzirira, dziikireni 6:45 kapena 7:00 pa kilomita, liwiro loti mukhoza kucheza ndi munthu popanda wefuwefu, ndipo musadutse pamenepo ngakhale akupitirireni anthu amene mukudziwa kuti mumawaposa. Njira imene ndimaikonda ine ndi yothamanga makilomita 15 oyamba mofatsa, kenako 6 omalizawo pa liwiro limene ndikufuna kudzathamanga pa mpikisano waukulu. Mumaphunzira kuthamanga bwino miyendo italema, komanso mumamaliza mukudutsa anthu, zomwe zimalimbitsa mtima kwambiri. Njira ina ndi kuperekeza mnzanu amene akuthamanga koyamba. Liwiro lake likusungani, ndipo chimwemwe chake pomaliza sichisiyana ndi chanu cha tsiku lija.

Pali chinthu china chimene ndikufuna muchimvetse bwino poti mwangoyamba kumene. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimatenga miyezi yambiri. Pakatha miyezi itatu mudzamva ngati mungathe kuthamanga tsiku lonse, chikhalirecho msongolo, mawondo ndi mtsempha wa kuchidendene zikadali m'mbuyo. Ululu wofalikira umene ukutha mukatenthetsa thupi si woopsa kwenikweni. Koma ululu wa malo amodzi pa fupa, woti mukhoza kuuloza ndi chala, umene ukukula mukamathamanga kapena kukupangitsani kutsimphina, umenewo musaukakamize. Fupa limatha kuchita mng'alu chifukwa chopondedwa mobwerezabwereza, ndipo kuchira kwake ndi masabata asanu ndi imodzi kapena kuposerapo osathamanga. Ndalama yolembetsera itayike, inu kaonaneni ndi dokotala. Ndaonapo anzathu akutaya theka la chaka chifukwa chokakamira mpikisano umodzi wosafunika n'komwe.

Musamayerekezenso nthawi za mipikisano ngati kuti yonse ndi yofanana. Njira zimasiyana, nyengo zimasiyana. Si mwangozi kuti Letesenbet Gidey anathamanga 1:02:52 pa half marathon ya ku Valencia, ku Spain, mu 2021, ndipo Yomif Kejelcha anathamanga 57:30 mumzinda womwewo mu 2024. Njira yake ndi yafulati, ndipo mpikisanowo umachitika chakumapeto kwa Okutobala kunja kutayamba kuzizira. Ngati akatswiri otere amasankha malo ndi nyengo yokathamangira nthawi yabwino, nanji ife? Half marathon ya Two Oceans ku Cape Town, ku South Africa, ili ndi zitunda zake, ndipo munthu yemweyo, ndi mphamvu zomwezo, sangayembekezere kuona nthawi imene angapeze pa njira yopanda chikweza. Mipikisano yanu yaikulu ija iikeni m'miyezi yozizira ndi pa njira zafulati. Nthawi yanga yabwino kuposa zonse inabwera m'mawa wozizira, nditakhala masabata angapo osapikisana.

Miyezi yotentha ili ndi malamulo ake. Magazi ambiri amapita kukhungu kukaziziritsa thupi, mtima n'kumagunda mofulumira pa liwiro lomwe lija mumaliona lophweka. Thupi limazolowera kutentha pakapita masiku 10 mpaka 14 mukuthamanga mofatsa m'nyengo yoteroyo, komabe nthawi yanu idzakwera ndi mphindi zingapo, ndipo sikuti mwabwerera m'mbuyo. Imwani mukamva ludzu. Kumwa madzi mopyola muyeso pa tebulo lililonse la madzi panjira nakonso n'koopsa, chifukwa kumasungunula mchere wa m'magazi, makamaka kwa ife amene timakhala nthawi yaitali panjira. Mukayamba kuona chizungulire, kusokonezeka mutu kapena kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo, imani pomwepo mufune thandizo.

Ubwino waukulu wa mipikisano yambiri ndi wakuti imakupatsani mpata woyesera zinthu. Shuga amene thupi limasunga m'minofu amayamba kuchepa mukadutsa pafupifupi ola limodzi ndi theka, ndiye inu wa maola awiri mudzafunika kudyako kanthu panjira, magalamu 30 mpaka 60 a shuga pa ola. Timapaketi ta gel, shuga wamadzimadzi amene othamanga amadya panjira, ena timawatsegula m'mimba, ena ayi. Nsapato, masokosi, kabudula amene sakukhula ntchafu, nthawi yodyera m'mawa, zonsezi ziyeseni pa mipikisano yaing'onoyo kuti tsiku lalikulu pasadzakhale chachilendo. Nsapato zambiri zimatha mphamvu pakati pa makilomita 500 ndi 800, ndiye pa chaka chotere peyala imodzi siikwana.

Za wotchi ndinene mwachidule, poti funsoli limabwera nthawi zonse. Ikakuonetsani makilomita 21.3 kapena 21.4 m'malo mwa 21.1, si kuti okonza mpikisano akuberani. Njira yovomerezeka amaiyeza ndi njinga motsata mzere waufupi kwambiri, pomwe inu mumakhota patali ndi kuzemba anthu, nayonso GPS imaphonya pang'ono.

Chimene sindinachimve aliyense akunena ndisanayambe ndi kutopa kwa m'maganizo. Chapakati pa chaka imafika nthawi imene kudzuka m'bandakucha, kupanikizana poyambira ndi nthumanzi ya usiku wa mpikisano zimayamba kukhala ngati ntchito. Mukaona tulo tikuvuta, mtima ukugunda mofulumira kuposa masiku onse mukangodzuka, chimfine chikubwerabwera, ndiponso nsapato simukufuna n'kuziona komwe, thupi likupempha tchuthi. Ine ndingakulangizeni kusiya miyezi iwiri yopanda mpikisano uliwonse, umodzi pakati pa chaka, wina kumapeto. Mipikisano khumi yothamanga mokondwa ndi yambiri kale kwa munthu wa chaka chachiwiri.

Pakati pa mipikisanoyo, makilomita ambiri a pa sabata, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, akhale ofatsa. Tsiku limodzi lokha likhale la liwiro, ndipo kawiri pa sabata limbitsani ntchafu, matako ndi akatumba. Sabata imene muli ndi mpikisano musawonjezerenso ulendo wina wautali.

Simunatiuze kuti panopa mukuthamanga makilomita angati pa sabata, ndipo zambiri zidalira pamenepo. Ngati ali ochepera 25, miyezi itatu yoyambirira igwiritseni ntchito kuwakweza pang'onopang'ono mpaka 35 kapena 40 musanayambe kudzaza kalendala. Lembani pano makilomita anuwo ndi masiku a mipikisano imene mwaiona, tikuthandizeni kusankha yaikulu ija.