Kalavani ya mufilimu ija si Airstream, achemwali

Achemwali, mwaswera bwanji ku Leeds-ko? Nonse a pagulu pano, mwaswera bwanji. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa ndiye likuswa mtengo. Chithunzi chanu ndachiona masana ndithu, koma ndinali pansi pa minibasi, m'manja muli girisi yokhayokha, ndiye ndinati ndikaweruka ndiyankhe ndi mawu, chifukwa kulemba zimenezi zala zingatope.

Tsono kwa amene simunaone funso lija, achemwali akuti agogo amene amawasamalira aja anali kuonera filimu yakale ya Lucille Ball ndi Desi Arnaz, ija ya The Long, Long Trailer. Agogowo akuti chikalavani, nyumba yokokedwa ndi galimoto ija, chimene chili m'menemo ndi cha mtundu wa Airstream. Achemwali ajambula pa TV, akufunsa ngati ndi zoona, komanso kuti galimoto yachikasu ikukokayo ndi yanji.

Achemwali, ija si Airstream ayi. Ija ndi New Moon ya 1953, yopangidwa ndi kampani ya Redman, m'tauni ya Alma ku Michigan. Kutalika kwake mafiti 36, tingoti pafupifupi mamita 11. Muyese ndi mapazi pabwalo pamenepo kuti mumve kutalika kwake, ndi nyumba yathunthu imeneyo, chipinda chogona, khitchini, bafa, zonse m'katimo. Filimuyo inatuluka mu 1954, ndipo mtengo wa kalavaniyo unali madola 5,345, ndalama zankhaninkhani nthawi imeneyo. Koma agogowo musawatsutse mwamphamvu, chonde. Anthu ambiri amatero. Dzina la Airstream linatchuka mpaka kalavani iliyonse yakale ya ku America amangoitchula choncho, monga mmene ife sopo aliyense waufa timangoti safu, kaya ndi wa kampani yanji.

Ndikuuzeni mmene mungasiyanitsire nokha, kuti mawa mukaona ina musadikire ine.

Airstream yeniyeni ndi yobulungira ngati chipolopolo, kapena ngati ndege yopanda mapiko. Kudenga kulibe kona, khoma limangopindika kukwera m'mwamba n'kutsikira mbali inayo. Thupi lake ndi la aluminiyamu wosapaka utoto, limanyezimira ngati poto watsopano. Ndiye chachikulu choti muyang'ane ndi mariveti, timisomali tamitu yobulungira tija, tondandalika mizeremizere thupi lonse, monga amamangira ndege. Tsono bwererani pa chithunzi chanucho. Mwaona makoma ake aima chilili? Mwaona kuti ndi yopaka utoto, ndipo denga ndi khoma zikukumana poonekera? Pamenepo nkhani yatha kale, si Airstream. New Moon ija anaipanga kuti anthu akaiimike pamalo n'kumakhalamo miyezi kapena zaka, osati yongoyendera ulendo wa sabata. N'chifukwa chake filimu yonse ija ndi ya mavuto okhaokha a pamsewu, akukoka nyumba ngati kuti ndi ngolo.

Ngakhale zonyezimira zomwezo, si zonse zili Airstream. Apa ndiye pamene anthu amasochera kwambiri. Kunali Spartan, yopangidwa ndi kampani ya ndege ya ku Tulsa, Oklahoma, mwini wake J. Paul Getty, mpondamatiki wa mafuta uja. Nkhondo yachiwiri itatha, msika wa ndege utachepa, anayamba kupanga makalavani. Nayo ndi ya aluminiyamu ndi mariveti, koma muiyang'ane kumaso: ili ndi mawindo aakulu kutsogolo, ozungulira mpaka m'makona, ndipo makoma ake ndi owongokerapo. Kunalinso Bowlus ya 1934, imeneyo chitseko chili kutsogolo kwenikweni, pamwamba pa chokolekera, ndipo kumbuyo ndi kosongoka ngati bwato. Wally Byam, amene anayambitsa Airstream, mu 1936 anatulutsa yake yotchedwa Clipper, yofanana kwambiri ndi Bowlus, koma chitseko anachiika m'mbali. Ndiye mukaona chitseko kutsogolo, mudziwe kuti ndi Bowlus. Mukaona kakang'ono kooneka ngati chitini cha nyama, kokhala ndi timapiko tiwiri kumbuyo m'mwamba, imeneyo ndi Shasta. Pa Airstream yeniyeniyo mukhoza kuwerenga zidutswa za malata zimene anazilumikiza kumapeto kwake, ngati zigawo za lalanje. Za m'ma 1950 koyambirira zinali ndi zidutswa 13, pambuyo pake anachepetsa kufika pa 7. Zikachuluka zidutswa, mudziwe kuti ndi yamakedzana.

Chinanso chapafupi: chitseko chili mbali iti? Za ku America chimakhala kumanja, poti iwo amayenda kumanja kwa msewu, munthu azitsikira kumbali osati pakati pa msewu. Za kwanuko ku Britain, ngati ma Sprite, ndi za ku Joni, ngati ma Jurgens amene timawaona akupita kunyanja nthawi ya Khrisimasi, chimakhala kumanzere.

Agogowo mukawauze ichi, adzakondwa: ma Airstream anafikako kuno ku Africa. Mu 1959 Wally Byam uja anatsogolera makalavani 41 kuchokera ku Cape Town mpaka ku Cairo. Anadutsa ku Southern Rhodesia ndi Northern Rhodesia, ndiye kuti Zimbabwe ndi Zambia lero, n'kulowa Congo, Uganda, Kenya, Ethiopia. Ine ndimangoganiza misewu ya nthawi imeneyo, yafumbi, yamatope, ndi masipulingi angati amene anathyoka panjira. Komanso anthu atatu aja a Apollo 11 atabwerako kumwezi mu 1969, anawatsekera kaye mu Airstream yokonzedwa mwapadera, poopa kuti abwera ndi matenda.

Dikirani pang'ono, mwana akufuna makiyi a geti. Eya. Tipitirize.

Tsono galimoto ija. Pa chithunzi mwatumizachi ndi Mercury Monterey ya 1953, yadenga lachinsalu lotsitsa. Mercury anali mtundu wa kampani ya Ford, wapakatikati. Ford ya aliyense, Mercury ya amene zayamba kuwayendera, Lincoln ya mabwana. Kutsogolo kwake muona bampala ndi grille, chotchinga radiyeta chija, zili ngati chinthu chimodzi, chichitsulo chachikulu chonyezimira, ndipo pa boneti pali kokhala ngati kolowera mpweya koma n'kongokongoletsa. Injini yake ndi V8 ya mtundu wakale umene amati flathead. Mavalavu ake ali mu buloko, pambali pa masilinda, ndiye hedi yake ndi yafulati ngati chivundikiro cha poto. Injini yosavuta kukonza, yolimba, koma siipuma bwino, ndipo imakonda kutentha ikalemedwa. Mphamvu yake mahosipawa 125 basi. Ndipo 1953 chinali chaka chomaliza Mercury kugwiritsa injini imeneyi ku America.

Apa ndiye pali chimene chimandisangalatsa ine pa filimu imeneyi, mvetserani bwino. Kumapeto kuja, pamene akukwera phiri, msewu wopapatiza, mbali ina phompho, Lucille Ball uja atabisa miyala yonse imene ankatola paulendo m'kalavanimo mwamuna wake osadziwa, galimoto ikukoka pamenepo si Mercury ija ayi. Anasintha. Anatenga Lincoln Capri ya 1953, n'kuipaka utoto wofanana kuti ioneke ngati yomwe ija. Chifukwa chake n'chiyani? Mercury sikanatha. Mahosipawa 125, kalavani ya matani opitirira atatu, chitunda cha mapiri a Sierra Nevada, ikanabwata madzi isanafike n'pakati pomwe. Lincoln inali ndi V8 yatsopano, mavalavu ali pamwamba mu hedi, mahosipawa 205. Ndiponso ndi yotalikirapo: kuchokera pa tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo mainchesi 123, pamene Mercury ndi 118. Galimoto yokoka ikakhala yaitali ndi yolemera, katundu wakumbuyo samaigwedeza mchira. Aliyense amene anakokapo ngolo yodzaza matumba a chimanga pa chitunda akudziwa mmene mtima umagundira kumbuyo kukayamba kuvina. Ndiye mukadzaoneranso, pamene galimotoyo ikukhota pa kona ya phiri ikubwera chakumaso kwanu, muimitse filimuyo, muyang'ane grille. Mupeza kuti nkhope yasintha.

N'chifukwa chake ine anyamata anga kugalaja ndimawauza kuti utoto usakunamize, ndipo ngakhale dzina lolembedwa pa boneti usalikhulupirire msanga, poti limamatulidwa. Yang'ana zinthu zimene munthu sangavutike n'kusintha: galasi lakutsogolo, malo a nyale, mpata wa matayala, mahinji a zitseko.

Galimoto za ku America n'zosavuta kudziwa zaka zake, poti ankasintha maonekedwe chaka ndi chaka. Galasi lakutsogolo logawika pawiri, chitsulo pakati, ndiye kuti ndi ya m'ma 1940 kapena koyambirira kwa m'ma 1950. Galasi lopindika kuzungulira mpaka m'mbali, pakati pa m'ma 1950. Nyale zinayi kutsogolo zinafala mu 1958. Zipsepse zakumbuyo zija, zosongoka ngati za nsomba, zinafika pachimake pa Cadillac ya 1959, kenako zinayamba kuphwa. Tinyale tating'ono ta m'mbali tinakhala lamulo mu 1968. Chikumbu cha Volkswagen nacho muchiyang'ane kumsana: windo lakumbuyo logawika pawiri ndi mpaka 1953, looneka ngati dzira 1953 mpaka 1957, likakhala lalikulu lamakona anayi ndiye kuti ndi cha pambuyo pake.

Koma achemwali, musandisiye ndisananene za galimoto ya mufilimu imene tonse pagulu pano tinakulira, ya Jamie Uys ya 1980 ija, The Gods Must Be Crazy. Mukukumbuka tikupanikizana pa mabenchi mu vidiyo, chinsalu chakuda pakhomo, tikuseka mpaka nthiti kuwawa? Landilova yopanda mabuleki ija, bambo uja akuthamanga kukatsegula geti uku akufuna mwala woti atsekere tayala, kenako winchi n'kuikweza m'mwamba mu mtengo. Ambiri lero amati ndi Defender. Ayi. Dzina loti Defender linabwera mu 1990, patatha zaka 10 filimuyo itatuluka. Ija ndi Series I, mtundu woyambirira, umene anaupanga ku Solihull, ku England, kuyambira 1948 mpaka 1958.

Mudziwa bwanji? Poyamba nyale. Zili m'kati, pafupi ndi radiyeta, zoyandikana ngati maso a kadzidzi, osati m'mbali pa mamadigadi. Anazisunthira kumadigadi kumapeto kwa m'ma 1960. Koma poti Series II nayo inayamba ndi nyale zam'kati, pali chachiwiri: m'mbali mwake. Series I ndi yafulati kuchokera m'mwamba mpaka pansi, ngati bokosi la malata. Series II, kuyambira 1958, ili ndi kaphewa, thupi limatukuka pang'ono m'munsi mwa mawindo n'kumayenda choncho mpaka kumbuyo. Mukaona grille yapulasitiki, mawotchi ali kutsogolo kwa dalaivala osati pakati, imeneyo ndi Series III, 1971 mpaka 1985. Mukaona galasi lakutsogolo lili limodzi losagawika, ndi masipulingi opota m'malo mwa amasamba, ndiye mwafika ku One Ten ndi Ninety za 1983 ndi 1984, zimene pambuyo pake zinatchedwa Defender.

Mukukumbuka landilova yakale ija inkaima kuseri kwa chipatala cha mishoni kumudzi, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mpando? Inu munali wamng'ono, mwina mwaiwala. Tsiku lina bambo anandipatsa maginito a musipika yakutha, akuti kamate pa chitseko. Ndinamata, inagwa. Ndinamatanso, inagwanso. Akuti tsopano kamate pa chesesi pansipo. Ndinagwada m'fumbi muja, ndinangoyandikiza, inangoti kaka! Ndiye anandiuza kuti thupi lonseli ndi aluminiyamu, chifukwa nkhondo itangotha chitsulo chinali chosowa ku Britain, boma linkachita kugawa. Chitseko chija chinali chitayima pamvula zaka zosawerengeka koma chopanda dzimbiri ngakhale kadontho, pamene chesesi ukaigogoda ndi sipanala inkayoyoka ngati makungwa. Tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kukonda ntchito ndikugwirayi. Ndiye nkhani ya Airstream ndi ya landilova ndimaiona ngati ya pachibale, zonse ndi aluminiyamu ndi mariveti, n'chifukwa chake zambiri zidakalipo mpaka lero.

Mukakakamira pa galimoto ina ine ndili pansi pa minibasi, pali tsamba la pa intaneti lotchedwa IMCDb. Mumangolemba dzina la filimu, limakuonetsani zithunzi za magalimoto amene anaonekamo, mayina ndi zaka zake. Komabe munditumizire, ndimasangalala nazo.

Ndiye muchite chonchi. Filimu ija mukaipezanso, mujambule kawiri: koyamba pamene akuchoka ndi kalavani kumayambiriro, kachiwiri pa kona ya phiri paja galimoto ikuyang'ana kwa inu. Musajambulire chapambali ngati lero, TV ikuwala kwambiri, muime patsogolo penipeni ndipo muzimitse getsi la m'chipindamo. Zithunzi ziwirizo muwaonetse agogowo moyandikana, aone okha Mercury ndi Lincoln. Muwapatse moni wochokera kuno. Alamu ndi ana muwapatsenso moni, ine ndikasambe, madzi akuzizira.