Za mafunso a kuyenda pansi pa IELTS: kuyankha namwino wa ku Bangula

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa namwino wina wa ku Bangula amene akukonzekera mayeso a Chingelezi a IELTS, cholinga akagwire ntchito ku UK. Pokonzekera gawo loyankhula wapeza mafunso a kuyenda pansi: kodi mumakonda kuyenda pansi, mumayenda kangati, mumakonda kuyendera kuti, muli mwana munkayenda kwambiri kuposa pano? Akuti alibe choti anganene, poti kuyenda kwake ndi kwa kumjigo ndi kuntchito basi. Wanditumiziranso yankho lomwe waloweza, loti madzulo aliwonse amakayenda kupaki ndi galu wake kuti mutu upume.

Achemwali, paki yake iti? Ku Bangula komwe ndikukudziwa ineko? Galu wake wa pachingwe?

Ndinayamba ndi kuseka, koma kenako nkhaniyi inandikhala pamtima, chifukwa ndikudziwa kumene manyazi amenewa amachokera. Funso loti "mumakonda kuyenda pansi?" linapangidwa ndi anthu amene kwawo kuyenda pansi ndi chinthu chosankha. Munthu ali ndi galimoto pakhomo, basi imaima pafupi, ndiye Loweruka amavala nsapato zapadera n'kukayenda kuti thupi liwongoke. Ife kuno kuchigwa palibe anatifunsapo ngati timakonda. Umadzuka, umayenda. Ndiye tikamva funsoli timaona ngati kuyenda kwathuku si kumene akufunsa, kuti kwathuku ndi umphawi chabe wofunika kubisa pamaso pa mzungu.

Ine ndinakulira kumudzi wina cha kumusi kwa Ngabu. Sukulu inali kutali, ndipo kupita sikunali vuto chifukwa tinkanyamuka kusanatenthe. Nkhondo inali pobwerera. Mwezi wa Okutobala kapena Novembala, kutentha kutadutsa madigiri 40, mchenga wa munjira unkaotcha moti sunkatha kuponda n'kuima. Tinkathamanga kuchoka pamthunzi wa mtengo wina kukafika pa wina, kupuma pang'ono, kuyang'ana kumene kuli mthunzi wotsatira, n'kuliyatsanso. Amene anali ndi mapatapata ankabwereketsa limodzi kwa mnzake, aliyense n'kumadumpha ndi mwendo umodzi. Nyengo ya masau tinkachedwa dala. Nsapato zenizeni zinali za Lamulungu, ndipo nazonso mayi ankati tizinyamule m'manja, tikavalire pafupi ndi tchalitchi kuti zisathe msanga. Iwowo ankapita kudimba tambala atangolira, khasu paphewa, kuti dzuwa likamakwiya akhale atagwira kale ntchito. Tsiku la kuchigayo ankasenza mapira pamutu, mwana kumbuyo, ine pambuyo ndi kathumba kanga. Njira ya m'mbali mwa madzi sitinkadutsa kukayamba mdima chifukwa cha mvuu, ndipo pokatunga kumtsinje aliyense ankadziwa kuti ng'ona siichenjeza.

Zonsezi inu mukuzidziwa, achemwali, mwina kuposa ine. Ndiye mukundiuza kuti mulibe chonena pa nkhani ya kuyenda pansi? Mwa anthu onse amene adzalowe m'chipinda cha mayeso tsiku limenelo, sindikukhulupirira kuti padzapezeka wodziwa nkhaniyi kukuposani.

Chimene chimandinyansa ndi mayankho okonzakonza amene adzaza pa YouTube ndi m'magulu a WhatsApp. Onse ndi amodzimodzi: mpweya wabwino, paki, nyimbo m'makutu, kuchepetsa thupi. Anthu athu amawakopera m'kope n'kumawaimba usiku. Ndikunena mosapsatira kuti zimenezi zikuwononga anthu ambiri amene Chingelezi chawo n'chabwino kale. Oyesa aja anaphunzitsidwa kuzindikira yankho loloweza, ndipo silikupatsani malikisi. Limamveka: munthu amathamanga, maso ali kudenga, mawu onse pa liwu limodzi, kenako akaiwala liwu limodzi galimoto yonse imaima. Choopsa kwambiri ndi funso lotsatira. Mwanena za galu, iye angofunsa kuti "Why?" kapena kuti mumapita naye kuti kukagwa mvula, inu mutu mbee, chifukwa galuyo kulibe. Akuluakulu anati nsalu yobwereka siithetsa usiwa.

Ena anena kuti woyesa safufuza ngati zomwe wanena ndi zoona. Inde, safufuza. Sadzabwera ku Bangula kudzaona ngati muli ndi galu. Amangomvetsera zinthu zinayi: ngati mukuyankhula mosadodoma ndi momveka mutu wake, kuchuluka kwa mawu amene mukuwadziwa ndi kuwagwiritsa bwino, galamala, ndi katchulidwe. Koma n'chifukwa chake ndikuti nenani zoona. Bodza limafuna kuti ubongo ugwire ntchito ziwiri nthawi imodzi, kupeka nkhani ndi kusaka Chingelezi chake. Zoona zili kale m'mutu, ntchito imatsala imodzi. Komanso palibe malikisi a chuma. Wa galimoto ndi wa kabaza amayesedwa pa sikelo yomweyo ya 0 mpaka 9.

Ndipo taonani zodabwitsa. Ku Majete, kuno ku Chikwawa komweku, alendo amachokera kunja n'kulipira ndalama kuti ayende pansi m'tchire ndi mlonda wa nyama patsogolo. Dzuwa lomwe ife timalithawa, iwo amalijambula. Akabwerera kwawo amakamba nkhani imeneyi chaka chonse. Ife eni ake tikufuna kubisa zathu n'kumanama za paki.

Ndisaname, kuyenda kwenikweniko kukuchepa ngakhale kuno. Pa Nchalo kapena pa Ngabu mwana wa sekondale sangayende wapansi kuchoka pa siteji kupita kumsika, akufuna kabaza, ndipo masiku ano kabaza wa njinga yakapalasa akumuona ngati wochedwetsa, akufuna yamoto. Ine sindiwadzudzula kwambiri, dzuwa la kuno si la masewera. Koma inu anamwino ndi amene mumauza odwala shuga ndi BP kuti aziyendako pansi, zomwe agogo athu akanaziseka. Imeneyi ndi mfundo yokhwima ya gawo lachitatu la mayeso oyankhulawo, pomwe amafunsa za anthu onse osati za inu nokha: kodi anthu masiku ano amayenda pansi mochepa kuposa kale, chifukwa chiyani? Muli ndi yankho la munthu wa zachipatala, loona ndi maso.

Palinso kuyenda kwina kumene sitikonda kukukamba. Madzi osefukira a Januwale 2015, namondwe Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023. Anthu anayenda m'madzi ofika m'chiuno, katundu pamutu, ana pamapewa, kufunafuna malo okwera, ndipo ambiri anakathera m'misasa kwanu ku Bangula komweko. Pa gawo lachiwiri amakupatsani kakhadi ka mutu umodzi, mphindi imodzi yokonzekera, kenako muyankhule mpaka mphindi ziwiri. Mutu wake ukhoza kukhala ulendo wautali wapansi umene munayendapo. Apa ndikuchenjezeni: ngati nkhani ya madzi imakugwirani pakhosi, isiyeni, sankhani ya kuchigayo kapena ya kusukulu. M'chipinda cha mayeso si moti mukalirire. Koma ngati mungaikambe mtima uli m'malo, mphindi ziwiri zidzakucheperani.

Tsono muyankhe bwanji

Mayeso oyankhula onse amatenga mphindi 11 mpaka 14, ndipo gawo loyamba, momwe mafunso a kuyendawa amapezeka kawirikawiri, ndi mphindi 4 kapena 5 zokha. Choncho musalalikire. Ziganizo ziwiri kapena zitatu pa funso zakwana: yankhani, perekani chifukwa, onjezani kanthu kamodzi ka kwanu. Akafunsa ngati mumakonda kuyenda, mukhoza kunena kuti: "It depends on the time of day. I enjoy it early in the morning, but by ten o'clock it's so hot where I live that nobody walks unless they have to." Akafunsa za ubwana, ndi mwayi wanu woonetsa kuti mumasiyanitsa zakale ndi zalero: "I used to walk to school barefoot, but these days I usually take a bicycle taxi to work." Musangoti kabaza kapena dimba n'kusiya, woyesa mwina sadziwa, tchulani kenako fotokozani m'mawu ochepa, chifukwa luso lofotokoza chinthu m'njira ina nalonso amaliwerengera. Ziganizo ndakupatsanizi musaziloweze, apo ayi tabwerera kwa galu uja.

Katchulidwe ndiye ndikupempheni mulimbikire, poti bungwe la anamwino la ku UK, NMC, limafuna 7 pa kuyankhula. Safuna kuti mumveke ngati wa ku London, akufuna akumveni bwinobwino. Ife timatchula "walk" ndi "work" mofanana, ndipo pa mutu uwu mawu awiriwa amakumana m'chiganizo chimodzi: "I walk to work". Mvetserani kusiyana kwake mu dikishonale ya pafoni mpaka khutu lizolowere. Samalaninso L ndi R, komanso chizolowezi chathu choika "i" kumapeto kwa mawu, moti "walked" amasanduka "wokedi".

Njira yoyeserera ndi yotchipa. Popita kuntchito m'mawa, dzifunseni funso limodzi, muyankhe mokweza mukujambula mawu pafoni. Anthu a kabaza akuyang'anani, asiyeni. Madzulo mumvetsere, muone pomwe munakakamira, mawa muyankhenso funso lomwelo ndi mawu ena. Mukapeza mnzanu wa kuntchito woti azikufunsani "Why?" mosayembekezera, ndiye bwino kwambiri.

Tsiku la mayeso musadalire minibasi ya m'mawa womwewo kuti ikukwezeni phiri la Chikwawa pa nthawi yake; nyamukani dzulo lake, mutenge chiphaso chomwe munalembetsera, ndi juzi, chifukwa ife a kuchigwa kumtunda timanjenjemera ngakhale eni ake akuti kwatentha. Mukajambula mayankho anu atatu kapena anayi, nditumizireni pa imelo yomweyi ndiwamve, ndikuuzani pofunika kukonza.