Mayi, musalitenthe bukulo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene mwana wake wamkazi wa Fomu 3 wabwera kutchuthi ndi buku la Chingerezi lotchedwa Shadowland, lonena za mtsikana wapasukulu amene akukondana ndi mzukwa. Funso lawo linali lakuti alitenthe kapena amusiyire mwanayo. Mayi, ndachedwa kukuyankhani chifukwa funso lanu latosa chilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola kalekale.

Bukulo ndikulidziwa. Analemba ndi Meg Cabot wa ku America, ndipo linatuluka mu 2000 pansi pa dzina lina lakuti Jenny Carroll, monga loyamba pa mndandanda wa The Mediator. Ine ndinakumana nalo ndili Fomu 1 pasukulu yogonera komweko, patangopita miyezi isanu bambo anga atatisiya. Linkayenda mobisa m'hositelo, chikuto chake chitamatidwa ndi selotepi, ndipo aliyense ankaloledwa kukhala nalo masiku awiri okha. Ndinkaliwerenga nditafunda bulangete kumutu, ndi tochi ya mabatire ofooka amene ndinkawaluma kuti aunikirebe pang'ono. Usiku wachiwiri amatironi anavundukula bulangetelo, atsikana ena anawafotokozera zimene zinali m'bukumo, ndipo m'mawa mwake linakalowa pamoto wa kukhitchini, pansi pa mphika wa nyemba. Ananditchetchetsa udzu, anandipempherera, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa chimene ndinkafunafuna m'masamba amenewo.

Sindinkafuna Jesse, mnyamata amene anaphedwa cha mu 1850 ndipo mzimu wake unatsalira m'chipinda chimene Suze Simon, mtsikana wa zaka 16, akupatsidwa atasamuka ku New York kupita ku Carmel, m'chigawo cha California, kumene mayi ake akwatiwanso. Chimene chinkandigwira mtima n'chakuti Suze amatha kulankhula ndi bambo ake omwalira. Kwathu, maliro atatha, dzina la bambo linasiya kutchulidwa, ngati kuti kulitchula n'kudzutsa kulira, ndipo bukulo ndi lokha limene linandilola kuganiza zimene ndikanawauza akanatulukira pafupi ndi bedi langa.

Pamenepa ndiye sindigonja, ngakhale ena andida nazo: wotentha buku loterolo amakhala wasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Ife tikamva za mzukwa timaganiza za kumanda, za ufiti, za chinthu choyera chimene chimathamangitsa munthu usiku, ndipo ngakhale mizimu ya makolo timaitchula mwaulemu ndi mwamantha. Mzukwa wa m'mabuku amenewa suli choncho. Ndi munthu wakufa amene anasiya nkhani yosatha, ndipo ntchito ya Suze ndi kumuthandiza kuimaliza kuti apite. Wolemba amaugwiritsa ntchito pofuna kuonetsa kusungulumwa kwa mwana wachilendo pasukulu yatsopano, amene ali ndi chinsinsi chosauzika ndipo akulakalaka wina womumvetsera amene anzake sangamulande chifukwa samuona n'komwe. Mtsikana aliyense amene anafikapo pasukulu ndi sutikesi yake, osadziwa pokhala m'chipinda chodyera, akuidziwa njala imeneyo. Ana athu omwewo amauzana nthano za mizukwa ya kuzimbudzi za hositelo magetsi akazima, ndipo sindinamvepo wina atawatenthera pakamwa.

Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa

Si mzukwa ayi. M'buku lomwelo muli Heather, mtsikana amene anadzipha chibwenzi chake chitamukana, ndipo mzimu wake ukufuna kubwezera. Imeneyo ndi nkhani yolemera kwa mwana wa msinkhu umenewo, ndipo siyenera kumupeza ali yekha. Chachiwiri ndi khalidwe la anyamata a m'mabuku a mtundu umenewu, amene anachuluka kwambiri Twilight ya Stephenie Meyer itatuluka mu 2005. M'menemo mnyamatayo si mzukwa koma chilombo chomwa magazi, ndipo amalowa m'chipinda cha mtsikana usiku osagogoda n'kumamuyang'ana akugona, wolemba n'kumationetsa zimenezo ngati chikondi chozama. Mwana akazolowera kuona nsanje ndi kulondalonda ngati umboni wa chikondi, adzazilandira kwa mwamuna wamoyo, ndipo wamoyoyo ndiye woopsa kuposa wakufa.

Choncho, mayi, libwerekeni muliwerenge masiku awiri, monga tinkachitira ife, kenako mumufunse mwana wanu, mukusenda mbatata kapena mukuchapa, kuti m'bukumo amakonda ndani ndipo chifukwa chiyani. Akatchula Heather kapena bambo a Suze, siyani mpeniwo mukhale naye pansi. Ine mapeto ake ndinadzawerenga ndili kale pantchito, nditalipeza pamulu wa mabuku akaunjika, ndipo ndinayambira pamutu womwe amatironi anandidula.