Mwana wanga amakonda zisudzo zoimba

Funso: Mwana wanga wamkazi ali Folomu 3 kuno ku Mangochi ndipo amakonda zisudzo zoimba. Angakaphunzire kuti, nanga patchuthi azichita chiyani?

Yankho: Mayi, zisudzo amaphunzitsa ku University of Malawi ku Zomba. Malo amafunsira kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ndipo pamafunika makirediti 6 a MSCE, Chingerezi chikhalepo. Asamathere nthawi yonse pa siteji n'kutaya mabuku. Patchuthi cha Ogasiti alowe kwaya kapena gulu la zisudzo. Tsiku lililonse, kwa mphindi 15, aziphunzira kukoka mpweya ndi mimba, osati ndi chifuwa, kenako aziimba akuyenda, chifukwa ambiri mpweya umawathera akamaimba uku akuvina. Mawu akasasa apume n'kumwa madzi, poti kukakamiza kumavulaza pakhosi. Sukulu ikatsegulira, ayesere mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe lolimbikitsa kaphunzitsidwe ka Chingerezi m'sukulu.